Kandimverere ndi Mndandanda wa Nyimbo za m'ma 1990

Mwambi wakuti "kandimverere adakanena za m'maluwa" amauponyera munthu amene walephera kupita yekha kubwalo la milandu kapena kumsonkhano wa mudzi, n'kutuma mnzake kuti akamumvere. Wotumidwayo amabwerako nayo nkhani ndithu, koma imafika itavala malaya ena. Zimene zidamukomera amazikulitsa, zimene sadazimvetse amazilumpha, ndipo ngati wina adakumana naye panjira n'kumugwiritsa kangachepe m'manja, ngakhale chigamulo cha mfumu chimatha kutembenuka. Akuluakulu potero sadali kunena kuti mthenga aliyense ndi wabodza. Adali kuchenjeza kuti khutu lobwereka limakhala ndi zokonda zakezake, ndipo mwini nkhani sangadziwe zimene lasiya m'njira.

Masiku ano mdzukulu akafuna kudziwa nyimbo zimene makolo ake ankavina ali achinyamata, safunsanso makolowo. Amatsegula foni n'kufufuza mndandanda wa nyimbo zotchuka za chaka chakutichakuti, ndipo zimene wapezazo amazilandira ngati kaundula wa boma. Nyimbo imene ili pamwamba ndiye kuti ndi imene anthu adaikonda koposa. Imene palibepo ndiye kuti sidamveke. Maganizo otere ngofunika kuwaunika bwino, pakuti mndandanda uliwonse uli ndi amene adaulemba, ndipo wolembayo ali ndi amene adamuuza. Nyengo imene imaonetsa zimenezi poyera ndi zaka za m'ma 1990 ku America, dziko limene nyimbo zake zidafika mpaka m'maholo a maukwati a ku Blantyre, Lusaka ndi Harare. M'zaka zimenezo kawerengedwe ka nyimbo kadasintha, ndipo kusinthako kudavumbula zinthu zimene zidakwiriridwa kwa nthawi yaitali.

Mindandanda imene maiko ambiri amayang'anako ndi ya Billboard, magazini imene idayamba kusindikizidwa mu 1894. Ikuluikulu ilipo iwiri: wa nyimbo 100, wotchedwa Hot 100, umene udayamba mu Ogasiti 1958, ndi wa zimbale 200. Kwa zaka zoposa 30 kawerengedwe kake kadali ka kandimverere weniweni. Sabata iliyonse masitolo osankhidwa ankafunsidwa, kawirikawiri pa lamya, kuti atchule zimbale zimene zayenda malonda kwambiri. Mwini sitolo kapena kalaliki wake ankatchula mayina motsatana, choyamba, chachiwiri, chachitatu, popanda kupereka chiwerengero chenicheni cha zimbale zimene zatuluka pakhomo. Nyumba zoulutsira mawu nazo zinkatumiza mapepala osonyeza nyimbo zimene zikuti zikuulutsa. Padalibe wopita kukaona ngati zonenedwazo zikufanana ndi zochitika.

Mthenga wotere salephera kukhala ndi omudikira pamphambano. Makampani ojambula nyimbo ankadziwa masitolo amene amafunsidwa, ndipo ankawachezera ndi mphatso, monga zimbale zaulere zoti agulitse ndi matikiti olowera ku zoimbaimba. Kumbali ya wailesi kudali chizolowezi cholemba papepala nyimbo imene sidaulutsidwe mokwanira, kungoti dzina lake lioneke ngati likukwera. Komabe ziphuphu sizidali nthenda yaikulu. Yaikulu idali yosaoneka ndi maso, ndiyo mtima wa kalaliki. Mnyamata wa m'tauni wokonda nyimbo za rock, akafunsidwa madzulo zimene wagulitsa, ankakumbukira msanga zimbale zimene iye mwini amazilemekeza. Mayi amene adabwera m'mawa kudzagula kaseti ya country, kapena kamnyamata kamene kadagula rap n'kutuluka mofulumira, onsewo ankazimiririka m'maganizo mwake. Kuonjezera apo, country ndi nyimbo za anthu akuda zidali ndi mindandanda yakeyake, motero ambiri ankaganiza kuti malo ake ndi kumeneko, kuseri kwa nyumba, osati pabwalo lalikulu. Kalalikiyo sadaname mwadala. Adangochita zimene kandimverere aliyense amachita.

Mu 1991 Mike Fine ndi Mike Shalett, akatswiri a kafukufuku wa zamalonda, adabweretsa njira yatsopano yotchedwa SoundScan. Nzeru yake idali yapafupi. Pachikuto cha kaseti kapena CD pamakhala timizere takuda tija timene wogulitsa amationetsa ku makina polandira ndalama. Makinawo akawerenga timizereto, kompyuta imalemba kuti chimbale chakuti chagulidwa kamodzi m'sitolo yakuti. Pakutha pa sabata ziwerengero za masitolo onse olumikizidwa zimasonkhanitsidwa pamodzi, popanda kufunsa munthu zimene akukumbukira. Billboard idatulutsa mndandanda woyamba wa zimbale wowerengedwa motere pa 25 Meyi 1991, ndipo akuluakulu a makampani atauona, ambiri adadandaula kuti njirayo njolakwika.

Chimene chidawadodometsa n'chakuti alendo osaitanidwa adapezeka atakhala pampando wakutsogolo. Sabata yomweyo chimbale chotchedwa No Fences cha Garth Brooks, woimba country wochokera ku Oklahoma, chidalumpha kuchoka pa nambala 16 kufika pa nambala 4. Palibe chimene chidachitika m'sabatayo choti anthu n'kuthamangira kumasitolo. Chimbalecho chidali chitatuluka kale mu 1990, ndipo chidali kugulidwa chomwecho masiku onse, kungoti wokanena ankachichepetsa. Mu Seputembala 1991 chimbale chake chotsatira, Ropin' the Wind, chidalowera pamwamba penipeni sabata yake yoyamba, chinthu chimene chimbale cha country chidali chisadachitepo, ndipo chidakhala pamalo oyamba masabata 18. Chaka chotsatira Billy Ray Cyrus, woimba country wina amene adali asakudziwika n'komwe, adagwira malo omwewo masabata 17 otsatizana ndi chimbale chake choyamba.

Womvera wailesi wa ku Malawi sakadadabwa ndi nkhani imeneyi. Mayina a Jim Reeves, Don Williams, Kenny Rogers ndi Dolly Parton adali odziwika m'nyumba zambiri, ndipo nyimbo zawo zokamba za ulimi, ukwati, kusowa kwa ndalama ndi Mulungu sizidafune mkhalapakati. Amene adadabwa ndi anthu a m'maofesi a ku New York ndi Los Angeles, amene adazolowera kuiona country ngati nyimbo ya anthu akumudzi osatsogola. Akumudziwo adali ndi ndalama m'thumba, ndipo makina sadziwa kusiyanitsa dola ya mlimi ndi dola ya mphunzitsi wa pakoleji.

Mlendo wachiwiri adali woopsa kuposa woyamba. Mu Juni 1991 chimbale chachiwiri cha N.W.A, gulu la anyamata a rap ochokera ku Compton m'boma la California, chidalowa pa nambala 2, ndipo sabata yotsatira chidakhala pamwamba. Chimbalechi sichidachokere ku kampani yaikulu, ndipo nyumba zoulutsira mawu zinkachipewa chifukwa cha mawu otukwana ndi nkhani zachiwawa zimene zidadzaza m'menemo. Ndi bwino kunena mosabisa kuti nyimbo zambiri za m'chimbalecho zimanyoza akazi mwa njira imene kholo lililonse lingaidandaule. Kuwerenga chinthu si kuchivomereza. Koma kholo limene likufuna kulangiza mwana liyenera kuyamba ladziwa chimene mwanayo akumvera, ndipo mndandanda wakale unkawanamiza makolo a ku America pa mfundo yomweyi. Masitolo ambiri amene adali ndi makinawo poyambirira adali akuluakulu, a m'misika yamakono kumene kumagula mabanja opeza bwino. Izi zidatanthauza kuti nyimbo za ku Compton zidali zitalowa kale m'zipinda za ana a m'nyumba zimene eni ake ankaganiza kuti mpanda wawo ngolimba.

Patangopita miyezi yochepa, pa 11 Januwale 1992, chimbale cha Nevermind cha gulu la Nirvana chidachotsa pampando Dangerous cha Michael Jackson. Kampani imene idachitulutsa mu Seputembala 1991 idayamba ndi kutumiza kumasitolo a ku America makope osakwana 50,000, posayembekezera zambiri kwa anyamata atatu ovala malaya akutha. Olemba mbiri ya nyimbo amakonda kuitchula sabata imeneyo ngati tsiku limene mbadwo watsopano udalanda ufumu. M'mawu amenewo muli choonadi, koma amadumpha mfundo yaikulu. Akati mu 1991 anthu a ku America adasintha mwadzidzidzi n'kuyamba kukonda country, rap ndi rock yaukali, amaiwala kuti makutu a anthu mamiliyoni sasintha m'sabata imodzi. Chimene chidasintha msanga ndi wowerenga, ndipo zimene zidaoneka ngati chigumula chadzidzidzi adali madzi amene adali kuyenda kale pansi pa mchenga.

Ngakhale kayendedwe ka chimbale pamndandanda kadapezeka kuti kadali kopeka. Kale chimbale chinkalowa chapansi n'kumakwera pang'onopang'ono ngati mwana wophunzira kuyenda, ndipo anthu ankakhulupirira kuti umu ndi mmene kutchuka kumakulira. SoundScan isadabwere, zimbale 6 zokha ndi zimene zidalowerapo pamwamba sabata yoyamba, kuyambira ndi cha Elton John mu 1975. Makina atayamba kuwerenga, zidadziwika kuti okonda woimba amathamangira chimbale chake m'masiku oyambirira, kenaka malonda n'kumatsika. Kukwera pang'onopang'ono kuja kudali kuchedwa kwa makalaliki kuzindikira zimene zikuchitika m'sitolo mwawo momwe.

Mndandanda wa nyimbo 100 udalandira kawerengedwe katsopano pa 30 Novembala 1991. Kuwonjezera pa SoundScan padabwera makina ena a kampani ya Broadcast Data Systems, amene ankamvera nyumba zoulutsira mawu usana ndi usiku, kuzindikira nyimbo iliyonse ndi kulemba kangati yaulutsidwa. Apa ndi pamene padaonekera chizindikiro chachikulu cha zaka khumi zimenezo, ndicho kukhalitsa kwa nyimbo pamwamba. Mu 1988 ndiponso mu 1989, nyimbo zoposa 30 chaka chilichonse zidasinthana pamalo oyamba, zambiri kwa sabata imodzi kapena awiri. Mu 1996 zidalipo 9 zokha. Mbiri ya Elvis Presley yokhala pamwamba masabata 11, imene adaikhazikitsa mu 1956, idaima zaka 36 osagwedezeka. Mu 1992 Boyz II Men, gulu la anyamata anayi a ku Philadelphia, adaiphwanya ndi "End of the Road" imene idakhala masabata 13. Asadapume n'komwe, Whitney Houston adawapitirira ndi "I Will Always Love You", nyimbo imene adaipeka ndi Dolly Parton, yomwe idakhala masabata 14. Kenaka Mariah Carey pamodzi ndi Boyz II Men omwe aja adafikitsa masabata 16 ndi "One Sweet Day", kuyambira Disembala 1995 mpaka Malichi 1996.

Pali mwambi wakuti "nyimbo imodzi sachezera gule", ndipo munthu angaganize kuti ziwerengerozi zautsutsa. Sizili choncho. Mwambiwo ndi langizo kwa wotsogolera nyimbo, kuti asatopetse bwalo ndi chinthu chimodzi; sunena kuti anthu amataya nyimbo sabata ikatha. Amene adakhalapo pa chimtali usiku wa mwezi amadziwa kuti nyimbo zimabwera n'kupita, koma pamakhala imodzi imene imaitanidwanso tambala asadalire, ndipo m'mawa mwake mtsikana amaiimbabe pamtondo. Mndandanda wakale unkabisa khalidwe limeneli. Aulutsi ankachotsa nyimbo papepala kuti apereke malo kwa yatsopano imene kampani ikukankha, chikhalirecho yakaleyo akuiulutsabe chifukwa omvera sadatope nayo. Makina atayamba kumvera okha, zidaoneka kuti anthu ngodekha kuposa mmene amalonda ankafunira. "How Do I Live" ya LeAnn Rimes idakhala pamndandanda masabata 69 mu 1997 ndi 1998 ngakhale sidafikepo pamalo oyamba. Billboard idachita kukhazikitsa lamulo lochotsa nyimbo zimene zadutsa masabata 20 ndipo zatsika kwambiri, kuopa kuti zatsopano zingasowe pokhala.

Chofunika kuchilingalira kwambiri ndi mtundu wa nyimbo zimene anthu adakakamira. Zaka za m'ma 1990 zimakumbukiridwa ngati nyengo ya chuma ndi chisangalalo ku America, ndipo n'zoona kuti "Macarena", nyimbo yovina ya amuna awiri achikulire a ku Spain, idalamulira masabata 14 mu 1996. Koma woyang'anitsitsa mndandanda wa pakati pa Disembala 1995 ndi Januwale 1998 apeza chinthu china. "One Sweet Day" ndi nyimbo yolira akufa: Mariah Carey ankakumbukira David Cole, mnzake pantchito yoimba amene adamwalira mu Januwale 1995, pamene Boyz II Men ankalira woyang'anira maulendo awo amene adawomberedwa mu 1992. Mu 1996 gulu la Bone Thugs-n-Harmony lidakhala pamwamba masabata 8 ndi "Tha Crossroads", polira Eazy-E, mmodzi mwa anyamata a N.W.A aja, amene adamwalira ndi Edzi mu Malichi 1995. Mu 1997 Faith Evans, mkazi wamasiye wa The Notorious B.I.G. amene adawomberedwa ku Los Angeles m'Malichi chaka chomwecho, adaimba pamodzi ndi Puff Daddy nyimbo ya "I'll Be Missing You", imene idakhala masabata 11. Chakumapeto kwa chakacho Elton John adatulutsa "Candle in the Wind 1997", imene adaimba pamaliro a Diana ku Westminster Abbey, ndipo idatenga masabata 14.

Nyimbo zinayi zimenezi zikaphatikizidwa zimakwana masabata 49, m'nyengo ya zaka ziwiri ndi mwezi umodzi. Kungotsala pang'ono kufika theka la nthawi yonseyo, nyimbo yoyamba m'dziko lolemera koposa idali ya maliro. Wailesi yamalonda mwachibadwa imakonda nyimbo zosangalatsa, chifukwa wotsatsa sopo safuna womvera wolira, koma ogula adalankhula ndi ndalama zawo. Amene adakhala ku Malawi m'zaka zomwezo, pamene Edzi idali kudzaza manda ndipo makwaya a mipingo ankachezera pasiwa sabata ndi sabata, safuna womasulira pa nkhani imeneyi. Kusiyana kwake n'kwakuti pamudzi wa Achewa imfa ili ndi njira zake zodziwika: uthenga umapita kwa mfumu, anthu amagona pamaliro, adzukulu amakumba manda, ndipo pambuyo pake pamakhala kumeta. Wofedwa salira yekha. M'mizinda ikuluikulu ya ku America, kumene munthu angamwalire oyandikana naye osadziwa, zikuoneka kuti nyimbo ya pawailesi idagwira mbali ina ya ntchito ya siwa, kusonkhanitsa anthu osadziwana kuti alire pamodzi.

Nyimbo ya Diana imasonyezanso malire a makinawo. M'sabata yake yoyamba ku America idagulidwa makope oposa 3 miliyoni, ndipo phindu lake lidapita ku thumba lothandiza ovutika limene lidakhazikitsidwa m'dzina la malemuyo. Ambiri mwa ogulawo sadagule chifukwa chofuna kuimvera tsiku ndi tsiku. Adagula monga mmene munthu amaponyera chipepeso m'mbale pamaliro, kusonyeza kuti nayenso wafika. Makina adawerenga chipepesocho ngati kukonda nyimbo, pakuti sadziwa kufunsa chifukwa. Kandimverere wakale, ndi zofooka zake zonse, akadatha kunena kuti anthu adagula ali ndi misozi m'maso.

Apa ndiye poyenera kusamala, kuti pothawa mthenga wabodza munthu asagwadire makina. Paukwati pamakhala perekaniperekani, ndipo ndalama zimene zaponyedwa zimawerengedwa n'kulengezedwa. Chiwerengerocho n'choona, palibe angachitsutse. Koma azakhali amene adafika opanda kanthu m'manja, naimba nthungululu mpaka mawu kusasa, navina mpaka fumbi kubuka, sapezeka m'buku la owerenga ndalama. SoundScan idali buku lotero. Inkawerenga wogula, osati womvera. Mwana amene adajambula kaseti ya mnzake, banja limene linkamvera chimbale chimodzi anthu asanu ndi atatu, ndi wogula m'kasitolo kakang'ono kopanda makina, onsewo adatsala kunja, ndipo eni timasitoloto adadandaula kuyambira pachiyambi kuti njirayo ikukondera masitolo akuluakulu. Makampani nawo sadachedwe kuphunzira kusewera ndi makina. Popeza makina amawerenga makope osati mtengo, ankatsitsa mtengo wa nyimbo imene akufuna kuikweza mpaka masenti 49, kulolera kutaya ndalama kuti agule malo apamwamba. Mphatso imene kale inkapita kwa kalaliki tsopano inkapita kwa wogula, koma cholinga chidali chomwecho.

Chilema chachikulu cha mndandanda wa m'ma 1990 chidachokera ku lamulo la Billboard yomwe. Kuti nyimbo ilowe mu Hot 100 inkayenera kugulitsidwa payokha, pa kambale kapena kakaseti kokhala ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri, kamtengo wochepa. Chapakati pa zaka zimenezo makampani adazindikira kuti akakana kutulutsa kambale kotero, wofuna nyimboyo adzakakamizika kugula chimbale chathunthu cha madola 15 kapena kuposerapo. Zotsatira zake n'zakuti nyimbo zina zimene zidamveka paliponse sizidalembedwe. "Don't Speak" ya gulu la No Doubt idali nyimbo youlutsidwa koposa zonse pa mawailesi a ku America kwa masabata 16 mu 1996 ndi 1997, koma mu Hot 100 mulibe dzina lake. "Iris" ya Goo Goo Dolls idatsogola pawailesi masabata 18 mu 1998, ndipo pamene lamulolo lidasinthidwa pa 5 Disembala 1998, idalowa mochedwa mphamvu zake zitayamba kutha, n'kuthera pa nambala 9. Nyimbo ya Khirisimasi ya Mariah Carey, "All I Want for Christmas Is You", idatuluka mu 1994 koma sidaloledwe kulowa pa chifukwa chomwechi. Idadzafika pamalo oyamba mu Disembala 2019, patapita zaka 25. Mdzukulu woweruza zaka zimenezo pongoyang'ana mndandanda angaganize kuti nyimbozi zidali zazing'ono, pamene makolo ake ankazimva mpaka kutopa nazo.

Njira yobisa nyimboyi idawalemeretsa makampani kwa kanthawi. Mu 1999 malonda a nyimbo zojambulidwa ku America adafika pa madola 14.6 biliyoni, ndipo zidaoneka ngati dzuwa silidzalowa. Koma "ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada". Munthu wofuna mbale imodzi ya ufa akaumirizidwa kugula thumba lathunthu, amasunga mkwiyo mumtima. M'chaka chomwecho cha 1999 Shawn Fanning, mnyamata wa zaka 18 amene ankaphunzira pa Northeastern University ku Boston, adatulutsa Napster, pulogalamu ya pakompyuta yothandiza anthu kugawana nyimbo pa intaneti osalipira. Kutenga ntchito ya woimba osamulipira n'kuba ndithu, ndipo makhoti adaitseka Napster mu 2001. Koma mbadwo wonse udali utalawa kale kutenga nyimbo imodzi imene ukufuna n'kusiya zotsalazo. Pamene Apple idatsegula iTunes Store mu 2003 n'kumagulitsa nyimbo imodzi pa masenti 99, idangobwezera chimene makampani adalanda ogula zaka zingapo m'mbuyomo. Pofika 2014 malonda aja adali atatsika kufika pafupifupi theka.

Kawerengedwe kadapitiriza kusintha. Mu 2005 Billboard idayamba kuwerengera nyimbo zogulidwa pa intaneti, ndipo mu 2013 idaonjezera zoonera pa YouTube, motero womvera wopanda ndalama uja adayamba kuoneka m'buku. Mbiri ya masabata 16 ya "One Sweet Day" idaima yokha mpaka 2017 pamene "Despacito" idafanana nayo, ndipo idaphwanyidwa mu 2019 ndi nyimbo imene idasonkhanitsa alendo awiri osaitanidwa a mu 1991 aja. Lil Nas X, mnyamata wakuda wa ku Georgia, adagula kamvekedwe ka zing'wenyeng'wenye pa intaneti ndi madola 30, naikapo mawu a rap okamba za akavalo, n'kutulutsa "Old Town Road". Nyimboyo idayamba kukwera pamndandanda wa country, koma mu Malichi 2019 akuluakulu a Billboard adaichotsapo ponena kuti ilibe zokwanira zoiyenereza kutchedwa country. Billy Ray Cyrus, yemwe uja wa masabata 17 mu 1992, adalowa nawo m'nyimboyo, ndipo idakhala pamwamba pa Hot 100 masabata 19. Masabatawo adawerengedwa ndi makina. Funso lakuti nyimboyo ndi ya chamba chiti lidayankhidwa ndi anthu ochepa m'ofesi, ndipo pamndandanda umene idachotsedwapo sidabwezeretsedwepo.